Mabatire Amene Ndinawotha Pambaula

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga nonse amene muwerenge mawuwa. Ine ndine Naphiri, mayi wa ana atatu, ndipo ndimakhala kufupi ndi boda ya Mchinji. Ndikufuna ndikuuzeni za nthawi imene banja langa linatsala pang'ono kutha, nditavulaza amuna anga m'maso pomwe ndinkati ndikuwathandiza. Mpaka lero ndikamaifotokoza nkhaniyi manyazi amandigwira, koma kuibisa kungakhale kumumana Mulungu ulemu wake.

Amuna angawo, bambo a Tadala, kwawo ndi ku Dedza. Anabwera kuno kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya ku Mkanda, ndipo titakwatirana anadzakhala kwathu chikamwini. Ndi munthu wofatsa, wa manja aluso, woti wailesi yakufa akaigwira imayamba kuyankhula. M'zaka zija mafoni a m'manja atayamba kufika mpaka kumidzi, iwo anasiya fodya n'kukhoma kabenchi pafupi ndi boda. Ankatchaja mafoni ndi batire la galimoto komanso kukonza owonongeka, ndipo pakhomo pathu panayamba kusintha.

Tsono ine ndili ndi nthenda yanga imodzi: sinditaya chinthu. Botolo, chingwe, chivundikiro cha poto wobooka, zonse ndimasunga. Kwathu tinakula tikudziwa kuti batire la wailesi silifa kamodzi. Likafooka umaliyanika padzuwa kapena kuliika pafupi ndi moto, ndipo wailesi imayankhulanso masiku awiri. Likatheratu umaliswa, n'kutenga zakuda zam'kati kukazirira nazo m'nyumba. Mayi anga ankatero, anzanga onse ankatero, ndipo palibe amene anapsapo ndi chala chomwe.

Loweruka lina m'mawa ndikusesa, ndinapeza chitini kunsi kwa bedi chitadzaza ndi mabatire a foni, ena atatupa ngati zitumbuwa. Mtima unandipweteka. Ndinati bambowa akugulitsa anthu mabatire atsopano pomwe akalewa angofuna kamoto pang'ono. Sindinafunse, poti ndinkafuna ndiwadabwitse. Makala a tiyi anali asanazime, choncho ndinatapa angapo n'kuwandanda m'mphepete mwa mbaula, ine n'kukhala pambali ndikudzitama mumtima. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya lambiri tsiku limenelo.

Bambo a Tadala anatuluka kubafa thaulo lili paphewa. Atangoona, anandikankhira kutali n'kuwerama kuti awakankhe ndi dzanja. Limodzi linaphulika pomwepo. Ndinangoona lawi la moto ndi utsi woyera wonunkha, kenako amuna anga ali pansi atagwira kumaso. Achimwene anga anawanyamula panjinga mpaka kuchipatala, ine ndikuthamanga pambuyo chitenje chili m'manja. Patapita masiku adokotala anatiuza kuti diso lamanzere latha, ndipo lamanja likhale lomangidwa mpaka tione ngati lipole.

Titatuluka m'chipatala tinapeza abale awo afika kuchokera ku Dedza, malume awo ndi mlongo wawo wamkulu, a Nachisale. Ndinkayembekeza kuti andikalipira chifukwa cha kupusa, ndipo ndikanavomera. Koma nkhani imene anaimva m'mudzi inali ina. Anthu ankati ine ndinkawotcha mankhwala a konda ine pamodzi ndi zinthu za mwamuna, kuti asayang'anenso akazi obwera kudzatchajitsa mafoni. Nsanje ndinali nayo, sindikana, ndipo tsiku lina ndinalalatirapo mayi wina amene foni yake inkatha moto tsiku ndi tsiku. Anthu anakumbukira zimenezo. Komanso aliyense ankati, “Tonsefe timawotha mabatire, nanga bwanji athu saphulika?”

Bambo a Tadala anayesa kundiikira kumbuyo. Ali gone pamkeka, nkhope ili m'mabandeji, anawauza kuti mabatire a foni ndi ena, safuna moto. Malume awo anangopukusa mutu n'kunena kuti, “Mwamva? Wam'phulitsa diso koma akum'nenerabe zabwino. Mankhwalawo agwira kale.” Kuyambira pamenepo mawu alionse achikondi amene amuna anga ankanena anasanduka umboni wonditsutsa, mpaka iwo anasiya kundiikira kumbuyo.

A Nachisale analanda ntchito yonse yowasamala m'nyumba mwanga momwe. Phala ndikaphika ankalitaya kudzala, madzi ndikatunga ankakatunga ena. Ndinkaima pakhomo kumayang'ana mwamuna amene ndakhala naye zaka zonsezi akupapasa kufuna kapu, ine osaloledwa kumupatsira. Sindinawade alamu angawo, chifukwa ndinkaona kuti nawonso akuchita zimenezi pokonda mlongo wawo. Ankhoswe anapangana tsiku loti adzakambe, ndipo aliyense ankadziwa kuti mathero ake bambo a Tadala abwerera ku Dedza, ine nditsala ndi ana ndi dzina la mfiti.

Masiku amenewo kutchalitchi ndinasiya kupita, poti ndikakhala pabenchi anzanga ankasendera. Ndinkapita kumunda wa mtedza ngati ndikukapalira, n'kukagwada pakati pa mizere dzuwa likuswa mtengo. Pemphero langa linali lalifupi, ndipo ndinkalibwereza mpaka mawu kutha. Ndinkati Ambuye, kulakwa ndalakwa, koma ndalakwa ndi umbuli, osati ndi mankhwala. Ine sakundimva, mwamuna wanga sakumumva, ndiye nditumizireni munthu amene mawu ake adzalowa m'makutu mwawo. Kunena zoona, ndinkapemphera ndisakudziwa kuti munthu woteroyo angachokere kuti.

Tsiku la ankhoswe linafika. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, chikwama cha amuna anga chili chomangamanga pakhonde. Nkhani itangoyamba, panafika kabaza atanyamula mayi wina wonenepa, wovala nsapato zachimuna. Anati ndi Mayi Zulu a ku Chipata, ndipo akufuna bambo wokonza mafoni, chifukwa pabenchi apeza potseka. Apa m'pamene ndinadziwa chifukwa chake chitini chija chinali kunsi kwa bedi. Mayiwo ankayenda m'misika kutolera mabatire a foni otha ntchito, ndipo anali atawapempha amuna anga kuti aziwasungira.

Ataona mabandeji anafunsa chachitika n'chiyani, ndipo achimwene anga anawafotokozera zonse. Mayi Zulu anakhala pamtondo osadikira kuuzidwa, n'kuyang'ana malume aja. “Manje imwe atate, mabatire aya si monga a wailesi iyayi,” anatero. “Mukati muli chitsulo chaukali, lithiyamu, ndipo akamva moto aphulika. Amai awa sanachite mankhwala, analibe chabe wowauza.” Anafotokoza kuti iwo akatolera amawatumiza pamathiraki kunja, kufakitale yaikulu. Kumeneko amayamba awachotsa mphamvu yotsalira, kenako makina amawagaya, n'kusefa mkuwa payokha ndi ufa wakuda payokha, ndipo zitsulo za mu ufawo amakapangira mabatire ena. Anati ngakhale ogwira ntchito kumeneko amavala zotchinga kumaso, chifukwa amadziwa ukali wake.

Malume anati zimenezo ndi nkhani za m'tauni, iwo akhulupirira ataona. Mayi Zulu anakana kaye kuwaonetsa, nati si chinthu choseweretsa. Koma atandiyang'ana ine, kenako chikwama chija, anapumira m'mwamba n'kuvomera. Anauza achimwene anga kuti asonkhe moto m'dzenje la kudzala, kutali ndi nyumba, ndipo tonse atiimike kuseri kwa nkhokwe. Kenako anapempha malume kuti asankhe okha batire m'thumba limene iwo anabwera nalo ku Chipata, limene ine sindinaligwirepo. Malume anasankha, Mayi Zulu analiponya m'dzenjemo n'kubwerera msanga.

Tinadikira kanthawi, mpaka malume anayamba kumwetulira. Kenako linaphulika, lawi n'kukwera kuposa msinkhu wa munthu, ndipo utsi woyera womwe uja unatuluka. Nkhuku zinabalalika, ndipo malume, munthu wamkulu woyenda ndi ndodo, tinawapeza ali kuseri kwa khola la mbuzi ndodo ataisiya. Palibe anaseka nthawi imeneyo, ngakhale masiku ano tikakumana pamaliro kapena paukwati malumewo amayamba okha kuiseka nkhaniyi.

Titabwerera pansi pa mango, amene anayamba kuyankhula ndi bambo a Tadala, amene sanaone kalikonse koma anamva. Anati, “Achemwali, chikwamacho mubwezere m'nyumba. Mayi a Tadala, muli kuti? Bwerani mundigwire dzanja, ndatopa kukhala pano.” Ndinayang'ana a Nachisale, ndipo iwo anasendera n'kundipatsa njira, misozi ili m'masaya. Ndinawadzutsa amuna anga n'kuwalowetsa m'nyumba. Pambuyo pake alamu anga anadzandigwira phewa n'kundipepesa, ndipo anakhala nafe sabata ina tikusinthana kuwasamala.

Mayi Zulu sanadye n'komwe, anati ali ndi msika wina woti afike. Asanakwere kabaza anandiitana n'kundiuza kuti munthu amene waona zimene ndaona ine ndi amene akumufuna pa ntchitoyi. Anandiphunzitsa kumata tepi pa timano ta batire lililonse kuti asakhudzane, kuwasunga mu mgolo wa mchenga pamthunzi, ndiponso kusaboola lotupa. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ine ndimakhulupirira kuti anamutuma ndi Mulungu, chifukwa akanachedwa tsiku limodzi akanapeza benchi yopanda mwini.

Patapita milungu ingapo mabandeji anachotsedwa, ndipo diso lamanja linaona. Bambo a Tadala anabwerera pabenchi pawo, ngakhale tizitsulo ting'onoting'ono amationa ndi galasi lokuzira. Ine ndinayamba kupalasa njinga ku Mkanda, ku Kachebere mpaka ku Mlonyeni, kutolera mabatire akufa kwa okonza mafoni ndi m'makomo. Kulikonse ndikafika ndimayamba ndawauza amayi anzanga kuti batire la foni asaliike pamoto kapena padenga la malata, ndipo asaliswe kuti azirire nyumba. Ena amaseka, koma ndikawauza kuti diso la amuna anga linapita ndi dzanja langali, amapita kukatenga amene anasunga.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la mayi wopusa pakati pa mizere ya mtedza. Ndikuthokozanso alamu anga amene sanachite manyazi kupepesa, ndi Mayi Zulu kulikonse kumene ali. Inu amene mwalakwitsa chinthu chosabwezeka, kapena anthu akukunenerani zimene simunachite, musaleke kugwada ngakhale chikwama chitamangidwa kale. Diso lija silinabwerere, ndipo Mulungu sanafafanize zimene ndinachita, koma anandisiyira mwamuna wanga.

Nthawi zina ndikamawayang'ana akuwerama pabenchi, mbali imodzi ya nkhope ili ndi chipsera, mtima umandiwawa ndipo ndimayambanso kupepesa. Iwo sakweza n'komwe mutu. Amangoti, “Mayi a Tadala, mwapepesa zakwana. Ine mkazi ndili naye mmodzi, diso limodzi likukwanira.”