Apongozi Pamaliro Anga

Kutatsala sabata imodzi kuti Halowini, chikondwerero cha mizukwa chija, ifike, ndinapeza ganyu m'nyumba ya mizukwa pa chionetsero cha m'tauni mwathu ku Tarlac: kugona m'bokosi la maliro m'chipinda chomaliza, anthu akayandikira n'kudzambatuka. Mwini wake, a Mang Turing, amene amakhala pakhomo n'kumang'amba matikiti, anandiuza mosapsatira: "Kukuwa ndi kumene kumandiitanira anthu, Liezel. Magulu atatu akangodutsa kwa iwe osakuwa, mawa m'bokosimo mugona wina."

Cha m'ma 3 koloko masana ndinali chigonere, nkhope ili mbuu ndi ufa, utoto wofiira uli pachibwano, thukuta lili kamukamu. Ndinamva mapazi a munthu mmodzi. Ndinadikira afike pafupi, kenako dzambatu!

"Waaaa!"

"Tseka pakamwa, mungalowe ntchentche," anatero apongozi anga, a Nanay Luming.

Anali atavala zakuda. Paphewa panali mwana wanga Popoy, wa miyezi isanu ndi iwiri, ali m'tulo. Dzanja linalo linali ndi chikwama ndi kampando kapulasitiki.

"Nanay! Mukudzatani kuno?"

"Ndagula tikiti ngati wina aliyense. Kumsika andiuza kuti mpongozi wanga ali m'bokosi. Ndati ndikadzionere."

"Ndiye mwaonatu. Ndili moyo. Khomo lotulukira ndi ilo."

"Chimene ndaona n'chakuti uli wekha." Anaika kampando kumutu kwa bokosi n'kukhala. "Abale ako onse aja, palibe ndi mmodzi yemwe wodzakukhalira? Maliro sasiyidwa okha, mwana iwe."

"Pano palibe maliro, Nanay. Ndi masewera."

Anagogoda thabwa ndi chala. "Ichi n'chiyani?"

"Bokosi."

"Nanga awa?"

"Makandulo. Koma ndi a batire."

"M'bokosimo muli ndani?"

"Ine."

"Basi." Anamukhazika bwino Popoy paphewa, kenako maso awo anatsikira kumapazi kwanga. "Mayo ine! Akugoneka ndi nsapato?"

"Ndadzigoneka ndekha!"

Anali atandivula kale imodzi. "Ukufuna uzidzayendayenda m'nyumba mwathu gwe, gwe, gwe, mwana wanga Renato, mwamuna wakoyo, azisowa tulo?"

"Ndimayendamo tsiku ndi tsiku m'nyumbamo!"

"N'chifukwa chake ndikudziwa phokoso lake."

Nsapato zonse ziwiri zinalowa m'chikwama. M'chikwama momwemo munatuluka kolona ndi sizasi. Anandikulunga kolonayo m'manja, n'kuidula, thwa!

"Iii, Nanay, kolona yanu yabwinobwino!"

"Ya wakufa imadulidwa, imfa ingamazungulire m'banja. Amayi ako sanakuphunzitse?"

"Anandiphunzitsa, koma ndiye munthuyo akhale atafa!"

"Shh. Kukubwera anthu."

Anali atsikana a sukulu anayi. Ndinkawamva akukuwa kuyambira chipinda choyamba, akugwirana mayunifolomu, mmodzi akuitana amayi ake. Mtima wanga unati myaa: awa ndi akucha kale, ungowagwedeza agwa okha. Ndinagona, n'kutsinzina.

"Lowani, ana anga, lowani," anatero a Nanay ndi mawu otsika. "Muyende pang'onopang'ono. Wasiya khanda, ndi ili."

Chipinda chonse zii. Ndinati ndidzambatuke, koma dzanja la a Nanay linali litafika kale pamphumi panga, ati kundikonza tsitsi. Dzanja limenelo lachapa zovala za anthu zaka makumi anayi. Likakutsamira, sudzuka.

Ndinasuzumira ndi diso limodzi. Atsikana aja anali atandandalika pamzere, aliyense akutenga dzanja lina la a Nanay n'kuligunditsa pamphumi pake, monga timalemekezera akuluakulu kwathu.

"Pepani, agogo."

"Pepani kwambiri, agogo. Anali wooneka bwino."

"Ee, koma wosamva," anatero a Nanay. "Musapite kunyumba molunjika, mukayambe mwakhotera kusitolo, angakutsatireni."

Anatuluka monyang'ama. Patapita kanthawi khoma linalira, gu! Mawu a Mang Turing anadutsa m'thabwa.

"Limodzi limenelo, Liezel!"

Ndinakhala tsonga. "Mwamva? Mwamva zimene mwandichitazi?"

"Ana aulemu. Makolo awo ndi anthu."

"Nanay, tamverani. Ntchito yanga ndi kuopseza anthu."

"Uwaopsezerenji anthu oti abwera kudzakupepesa?"

"Sabwera kudzapepesa! Amalipira pakhomo kuti achite mantha."

"Mantha amagula?"

"Amagula, ee!"

"Abwere kwathu tsiku la chimphepo adzaone denga lathu. Sindiwalipiritsa."

"Nanay, chonde. Ganyuyi ndi ya masiku asanu ndi anayi okha. Renato njinga yake yamoto ya kabaza ili kwa makaniko. Ndikachotsedwa pano, pa tsiku lokaona manda tidzapita manja lendelende, ngakhale duwa limodzi la pamanda a bambo."

Anandiyang'ana mwachifundo, n'kundisisita tsaya. Ndinaganiza kuti zamveka.

"Usalire, mwana wanga. Misozi ikagwera pabokosi, ulendo wako uvuta."

"Ulendo wopita kuti?"

"Gona. Ena awo."

Awa anali amuna atatu, akuluakulu ndithu, ovala malaya a kampani ya zakumwa. Ankalankhula mokweza kuti aliyense amve kuti iwo saopa.

"Amwene, chija chinali chidole."

"Ndachiona, n'chifukwa chake ndinalumpha, ndimaopa kuchiponda."

Atafika m'chipinda changa anaima. Ndinamva chivindikiro cha fulasiki chikutseguka, fungo la khofi n'kudzaza chipinda.

"Khalani, abambo, khalani. Mipando palibe, koma pansipa m'posesa. Shuga ndathira kale. Mabisiketi awo."

"Aaa, agogo, ifetu tangodutsa..."

"Pamaliro sadutsa chiimire. Makadi mumatha?"

Ndinamva makadi akupakulidwa. Makadi! Anachita kubwera nawo kuchokera kunyumba. Ndinadikira mpaka dzanja la a Nanay litatanganidwa ndi kugawa, ndipo ndinadzambatuka ndi mphamvu zanga zonse, manja m'mwamba, lilime panja.

"WAAAAA!"

Mmodzi anatembenuka, bisiketi ili kukamwa.

"Pepani mayi, tatsala pang'ono kumaliza."

"Musamuwerengere," anatero a Nanay. "Ndi tsiku lake loyamba, sanazolowere. Ponyani, bambo, ndi nthawi yanu."

Anasewera maulendo awiri. A Nanay anapambana onse. Amunawo ananyamuka akupukuta pakamwa, mmodzi n'kundiweramira pang'ono.

"Muuse mumtendere, mayi."

Gu! Gu!

"Awiri amenewo, Liezel! Mukuphika khofi mmenemo?"

Ndinagwira m'mphepete mwa bokosi ndi manja onse awiri.

"Nanay. Kwatsala gulu limodzi. Limodzi! Tengani kampando kanu, tengani fulasiki, tengani mdzukulu wanu, muzipita."

"Ndipite, ndikusiye ndi ndani?"

"Ndi mizukwa inzanga! M'chipinda chinacho muli mkazi wopanda mutu."

"Ndamuona. Ndamufunsa ngati wadya, sanandiyankhe."

"Alibe mutu, Nanay!"

"Mutu ali nawo, uli m'malaya. Ndi mwano chabe."

"Chabwino. Ndichite chiyani kuti muchoke?"

Anaganiza kaye. "Pali chimodzi chimene chatsala. Mwanayu sanadutse pamwamba pa bokosi."

"Adutsirenji?"

"Kuti usamamubwerere kutulo."

"Ndimagona naye mphasa imodzi!"

"Ndiye vuto lake limenelo. Gona mowongoka."

"Akadutsa muchoka?"

"Akadutsa tikambirana."

Ndinagona. A Nanay anaimirira, n'kumunyamula Popoy m'manja awiri, kenako anaima kakasi.

"Pamafunika wina womulandira tsidya linalo."

"Palibe wina, Nanay."

"Ndimulandira ndekha. Tamugwirira kaye, ndizungulire."

"Wakufa amagwirira mwana?"

"Wakufa wanzeru amathandiza."

Anamuika pachifuwa panga, n'kuyamba kuzungulira kuseri kwa bokosi, kumene kuli nsalu yakuda. Diresi lawo linakodwa pamsomali. Ndinawamva akulimbana nalo, akutulutsanso sizasi ija.

Popoy anatsegula maso. Anandiyang'ana nkhope yaufa ija, utoto wofiira uja, osatekeseka ngakhale pang'ono. Ananunkhiza kamodzi, n'kuyamba kukoka kolala ya diresi langa la maliro, kukamwa kukunjenjemera. Ndimakudziwa kunjenjemera kumeneko. Ukachedwa, tauni yonse imva.

Mwana akafuna bere sindifunsa ngati ndili pantchito. Ndinakhala tsonga, ndinamasula mabatani awiri, ndinamupatsa. Anayamba kuyamwa, timiyendo tikupalasa m'mwamba.

Pamenepo ndi pamene gulu lachitatu linalowa: amayi asanu a kwaya ya kutchalitchi, ndi mwamuna mmodzi wonyamula zikwama zawo. Ndinalibe ndi mpata womwe woti "waaa." Ndinangokweza mutu n'kuwamwetulira, poti ena ndimawadziwa.

Anaima chilili. Mmodzi ananong'ona, "Chidole chimenecho eti?"

Popoy anasiya bere, n'kuwatembenukira, n'kugeya.

Nthawi yomweyo nsalu yakuda ija inang'ambika, kwee! A Nanay anatulukira kuseri kwa bokosi, tsitsi lili nyankhalala, sizasi ili m'manja, manja atatambasulira kwa ine.

"Bweretsa mwanayo kuno! Iwe nthawi yako inatha!"

Abale inu, kukuwa kwake! Amayi a kwaya amadziwa kutulutsa mawu. Wina anatenga mawu apamwamba, wina apansi, mwamuna uja anaposa onse. Zikwama mbwee! Wina anathawira kumene anachokera n'kugundana ndi mkazi wopanda mutu uja, nayenso anakuwa kuchokera m'malaya. Kunja ndinamva anthu akuthamangira pakhomo la matikiti.

A Mang Turing analowa akupuma wefuwefu, maso ali tong'o. Anayang'ana ine, anayang'ana Popoy, anayang'ana a Nanay ndi sizasi yawo.

"Zaka khumi ndi ziwiri ndikuyendetsa nyumba imeneyi," anatero, "sindinamvepo zotere. Mzere wafika kwa ogulitsa nthochi zokazinga! Liezel, bokosi ndi lako mpaka tsiku lomaliza. Koma zikhale chonchi chimene ndaonachi: iwe, mwanayu, ndi agogowa. Pakasowa mmodzi, palibe ntchito."

Anatuluka akuthamanga kukang'amba matikiti. Ine ndinaseka mpaka ufa unayamba kuyoyoka pankhope.

"Nanay, mwamva? Tapata! Bwererani kuseri kwa nsalu, ena akubwera."

A Nanay anali akutseka fulasiki. Anaika makadi m'chikwama, n'kunyamula kampando.

"Mukupita kuti?"

"Kunyumba. Ndasiya nyemba pamoto wa makala."

"Nanga ine?"

"Iwe watani?"

"Mundisiya ndekha m'bokosi?"

"Ndakhala ndikukuyang'ana, mwana iwe. Ndakhuza maliro ambiri pamoyo wanga, koma wakufa woyamwitsa sindinamuonepo. Pano palibe maliro. Ndi masewera."

"Koma bokosi ili! Makandulo awa!"

"A batire." Anatulutsa nsapato zanga n'kuziika pansi mwaulemu. "Akamaliza kuyamwa undipatse, tizipita."

M'chipinda choyamba anthu anali atayamba kale kukuwa. Mapazi ambiri, ambiri zedi, ankabwera chakuno. Ndinamukumbatira Popoy pachifuwa, ndinagona chagada mowongoka bwinobwino, ndinatola kolona yoduka ija, n'kutsinzina.

"Nanay," ndinatero, "khalani pansi. Ndafa."