Mkono Wonyamulira Khanda

Pa siteji ya basi kunja kwa chipatala, mayi wina wonyamula dengu la kabichi ankayang'anitsitsa kamtsikana komwe kanaima ndi bambo ake kumbuyo kwake pamzere.

"Pepani bambo, mwanayu mkono watani? Wayera mbuu, kuwonda ngati si wake."

"Angomuchotsa kumene chikhakha, mayi! Anagwa pa katungwe kusukulu. Adokotala ati fupa lagwirana bwinobwino."

"Mulungu ngwabwino! Koma nanga bwanji waupindabe pachifuwa chonchi? Bwererani akauonenso, ungaume choncho."

"Ayi, umawongoka. Iwe, tambasula aone. Mwaonatu? Kupindako akuyeserera."

"Kuyeserera chiyani?"

"Kunyamula khanda. Mayi ake anabereka kamnyamata iyeyu ali m'chikhakha. Tinamuletsa kukanyamula, kuopa angakagogode mutu ndi chimwala chakecho. Analira, inu! Aliyense wakanyamulapo, ngakhale mayi wotigulitsa makala, iye yekha ayi."

"Ha! Mlongo wake weniweni kumangoonerera!"

"Ndiye wakhala akuyeserera ndi pilo. Lero macheka odulira chikhakha akulira ine ndinatsinzina, thukuta kamukamu. Mwiniwake ali phee, akungofunsa anamwino ngati mkonowu ungathe kunyamula mwana lero lomwe."

"Ndiye anati bwanji?"

"Anati inde, bola anyamule atakhala pansi!"

"Nanga mukuimiranji kumbuyo kwanga? Basi ndi iyo, dutsani mukwere."

"Ayi mayi, inu munafika kale."

"Kwerani, bambo! Kabichi wangayu adikira, koma makanda sachedwa kukula. Mukazengereza akapeza mlongo wake akuyenda."