Mkamwini Anafufuta Mawu a Mkazi Wanga

Mu 2022 ndinali ndi zaka 74. Kwathu ku Thambani ndinali ndi kompyuta imene mwana wanga anandigulira. M'menemo munali zithunzi za banja lathu ndi kanema wa malemu mkazi wanga akuimba pa ukwati wa mdzukulu wathu.

Tsiku lina inakana kuyamba, n'kumangoonetsa mawu a Chingerezi pagalasi lakuda. Mkamwini wanga, wogwira ntchito kuboma, anavula jekete.

"Bambo, izi ndi zathu izi. Ndingoifomata."

Ndinati, "Apongozi anu ali m'menemo."

"Sathawa, bambo."

Anaifomatadi, ndiko kufufuta zonse, koma inakanabe. Kenako anaona kafulashi, kachipangizo kosungiramo nyimbo, kamene adzukulu anasiya atasomeka m'mbali mwa kompyutayo. Atakazula, kompyuta inayamba, ili mbee.

"Kani imafuna kuyambira pa kameneka!" anatero akuseka, uku akusenda nachesi langa.

Munthu wa tayi ameneyu sanayang'ane n'komwe asanawononge. Mpaka lero akabwera ndimamupatsa mpando, koma moni ayi.

Omvera anzanga, wokonza akamafulumira, mugwireni dzanja. Ine ndinataya nyimbo zitatu, zithunzi makumi anayi, ndi kuseka kwa mkazi wanga, kumene kunalibe kwina kulikonse.