Mzinga wa a Njobvu Wapeza Mwini Wake

Wolemekezeka mkulu wa kasitomu m'chigawo chino, Bambo Likando, abusa, Mayi Ennie Njobvu pamodzi ndi ana anu, anzanga a pa mlatho, ndi inu amene mwangotsata fungo la nyama: landirani moni.

Mukundidziwa. Ine sindiseka pa ntchito. Ansembe amene anandiphunzitsa Chilatini ankati mano ndi odyera. Choncho mukamva choseketsa, mlandu ndi wa a Aaron Njobvu, amene kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi ayang'anira katundu wowoloka pa mlatho wathu wa Zambezi. Anayenera kupuma pa ntchito mu Malichi. Uno ndi Julaye wa 1996, ndipo makiyi a mosungira katundu wogwidwa akali m'thumba mwawo. Za makiyiwo ndibwererako.

Lamulo lake ndi lalifupi. Chida cha nkhondo sichiwoloka malire popanda chikalata chotchula mwini wake wotsiriza, ndipo mwiniyo alumbire kuti sadzachigulitsa kwina. A Njobvu lamuloli analikonda monga mwana wachisamba.

Chaka chawo choyamba, ovina ngoma ochokera kwathu kum'mawa ankapita kukavina tsidya lija. A Njobvu anawalanda mikondo yonse. Amuna aakuluakulu aja anakavina ndi maambulera. Ku Chipata sanaiwale, a Njobvu. Mukapitako, muvale chipewa chachikulu.

Koma mbiri yeniyeni inayamba mu 1989. Ba Mubiana, mwini nyumba ya alendo, anagula ku Bulawayo mzinga wakale, chimfuti cha mawilo awiri chodyeka ndi dzimbiri, kuti akongoletse pa kapinga. Atafika nawo pa mlatho, a Njobvu anauimitsa.

"Ba Njobvu," anatero, "ichi ni chokongoletsa chabe. Sichingaphe olo nkhunda!"

"Chili ndi kamwa?"

"Ee."

"Chili ndi chikalata?"

"Awe. Ine nilumbire pa chinsimbi chakutha? Sungani, mudye!"

Anasunga. Zaka zisanu ndi ziwiri mzingawo wakhala kuseri kwa ofesi. Anyani amawotherapo dzuwa. Lolemba lililonse a Njobvu amauzungulira, amaupisa ndodo kukamwa, ndi kuuchitira sawatcha.

Tsiku lina kunabwera woyendera maofesi wochokera ku Lusaka, munthu wa suti yoyera. Anafunsa monyogodola ngati chinthucho chimagwira ntchito. A Njobvu anali atabwera kumene kutchuthi cha mwezi wathunthu. Anapisa ndodo. Amayi ndi abambo, m'mwezi umenewo mavu anali atamanga m'katimo. Mzinga unayankha. Bwana uja anathamanga kulunjika pa mlatho, suti ili m'manja, ndipo a Njobvu anamutsata, diso limodzi litatupa, akufuula kuti munthu satuluka m'dziko popanda kudinditsa pasipoti.

Mwaseka mokwanira. Tsopano khalani chete.

Mu 1994 inafika lole yodzaza mabokosi olembedwa kuti mapampu a madzi. Mapepala ake anali osalala, zidindo zonse zilipo. Enafe tikanangoikwezera dzanja kuti idutse. A Njobvu anawerenga keyala ya mwini katundu: kampani ina ya mu msewu wa Mosi-oa-Tunya. Anavala chipewa, nakwera njinga mpaka m'tauni dzuwa lili paliwombo. Pa nambala imeneyo anapeza kachipinda ka ometa tsitsi. Titatsegula mabokosi, munali mfuti zolowera ku nkhondo ya ku Angola, kumene maiko anali ataletsa kugulitsa zida kwa zigawenga. Kuli ana kumeneko amene akupuma mpweya lero, ndipo dzina lanu, a Njobvu, sadzalimva. Ife talimva. Khama limene tinkaliseka pa mzinga ndi lomwelo linatsegula mabokosi aja. Zikomo, mbale wanga.

Ndibwerere ku makiyi. A Njobvu analumbira kuti sachoka mzinga usanapeze mwini wake wotsiriza. Ba Mubiana anaukana ndi kalata. Aliyense amene tinamupempha anafunsa kaye za mavu. Mwezi watha Mayi Ennie anandipeza mu ofesi, nakhala pansi osapatsidwa mpando.

"Alamu," anatero, "ninakwatiwa na munthu, osati na mlatho. Mwamuna wanga nimufuna kunyumba."

Ndinalemba makalata ku Lusaka, m'Chingelezi chimene sanachiwerengepo chichokereni atsamunda. Yankho lafika Lachitatu. Nachi chikalata, chidindo chake chosafufutika. Dzina la mwini wotsiriza lalembedwa bwinobwino: Ennie Njobvu, wa ku komboni ya Linda. Walumbira pamaso panga kuti sadzaugulitsa ku dziko lililonse, ndi kuti sadzaulozetsa kwa anansi, ngakhale aja a nkhuku zimene zimamudyera ndiwo m'dimba. Akuti adzamangirirapo chingwe choyanikira zovala.

Werengani, a Njobvu. Valani magalasi. Yang'anani keyala, nyumbayo mukuidziwa, si ya ometa tsitsi.

Mwakhutira?

Tsono makiyi. Onse. Ndi kakang'ono kaja ka m'sokosi.

Bambo Likando, landirani.

Pitani mukapume, a Njobvu. Mulungu akupatseni zaka zambiri ndi tulo tabwino. Lolemba mukafuna kuyendera mzinga, muyambe mwapempha chilolezo kwa mwini wake.

Imirirani nonse. Manja amveke mpaka tsidya lija!