Dzenje la m'nyumba ya a Avelino Fabião

Ine, Basílio Marcelino, wa zaka 34, kwathu ku Chidzolomondo m'distritu ya Macanga, wokhala ku vila ya Tsangano, mlangizi wa zaulimi wa boma, ndikupereka umboni uwu pano pa polisi lero Lolemba, pa 20 Julho 1992. Ndi pa nkhani ya a Avelino Fabião, enfermeru, namwino wa pachipatala, amene ali m'chitolokosi kuyambira Lachitatu lapitali powaganizira kuti ankabisa ndi kuchiza matsanga, asilikali akutchire olimbana ndi boma, m'nyumba mwawo.

Ndinakwatira Cecília Domingas mu 1984. Mu 1985 ndinapita ku univesidade ku Maputo, iye anatsala kuno ndi mayi ake. Ndinabwerako mu Dezembro 1990. Anandiuza kuti mu 1987, tsiku limene matsanga analowa mu vila, iye anathawira kutchire ndipo anakhalako masiku atatu. Ali ndi chipsera pantchafu ya kumanzere. Anati chinamubaya ndi chitsa. Chipseracho n'chosokedwa malo anayi. Ndinawerenga, koma sindinafunse kuti anasoka ndani.

Kumayambiriro kwa mwezi uno ndinamva kuti a Avelino awasamutsira ku Tete ndipo akugulitsa nyumba yawo ya njerwa zootcha ndi malata. Ife ndi mwana wathu Bertina timakhala m'chipinda chimodzi cha kuntchito. A Avelino ndinkangopatsana nawo moni. Ndinawauza kuti sindingagule nyumba mmisiri asanaione, iwo anavomera. Nditamuuza Cecília, anati tifune ina chifukwa imeneyo ili pafupi ndi phokoso la msika. Msika uli pa mtunda wa metro 400 kuchokera panyumbayo.

Loweruka pa 11 Julho, 9 horas, tinapita kunyumbako ine, Cecília ndi mestre Matias, mmisiri womanga nyumba, wa zaka pafupifupi 60. Mestre ananyamula nyundo, fita yoyezera ndi chitsulo chachitali chosongoka. Ine ndinanyamula kadernu, kabuku kolembamo, ndi lapisi yolembera. A Avelino tinawapeza akutidikira pakhonde.

Mestre anayamba kunja. Anazungulira nyumba kawiri akugogoda njerwa za m'munsi ndi nyundo. Anapeza mng'alu umodzi pansi pa zenera ndipo anati si wa maziko. Anakwera padenga n'kuwerenga malata 32, atatu ali ndi mabowo a zipolopolo. Ali pomwepo anati, "Kaya anaboola a boma kaya akutchire, mvula sidzafunsa. Lembani atatu." Ndinalemba.

Tinapita ku chitseko cha kumbuyo. Ndinachikankha kawiri, chinakana. Cecília anachinyamula pang'ono ndi bondo, chinatseguka. Mestre anati, "Dona Cecília, ntchito yangayi munaiphunzira liti?" Khomo lolowera m'kanjira ka m'kati ndi lalifupi. Ine ndinagunda mutu. Cecília anawerama asanafikepo, akuyang'ana kumbali. N'kutheka kuti analiona ali patali. Ine ndimavala magalasi ndipo m'nyumbamo munali mdima pang'ono.

M'chipinda chochezera mestre anabaya mitanda ya denga ndi chitsulo chija. Iwiri inathothoka ufa. Anati ndi chiswe. A Avelino sanatsutse.

Chipinda chomaliza n'chosungiramo katundu. Pansi pake ndi pozira, si pa simenti, ndipo munali matumba awiri a kachewere. Mestre ankayenda akubaya pansi. Atatsala ndi mapazi atatu kuti afike pakona ya kumanja, Cecília anati, "Mestre, musaponde pakonapo." Pakonapo sipankaoneka chilichonse. A Avelino anati, "Cila, asiye, matabwawo ndi olimba." Inali 10 horas ndi mphindi 20. Dzina lakuti Cila ndinali ndisanalimvepo. Mayi ake samuitana choncho, inenso ayi.

A Avelino anapalasa dothi ndi phazi n'kuchotsa matabwa anayi. Panali dzenje. Anati ankafuna kutionetsa tikamaliza zipinda zonse. Mwina n'zoona. Mestre anayeza, ine ndinalemba: m'litali metro imodzi ndi 80, m'lifupi masentimetro 95, kuya metro imodzi ndi 10. Munali mphasa yakale, chitini, kachidutswa ka kandulo, timabotolo titatu ta mankhwala obaya topanda kanthu, ndi nsalu yomangira bala. Munalibe mfuti, zipolopolo kapena zovala za usilikali.

Mestre anati nyumbayo ndi yabwino, koma mitanda iwiri isinthidwe ndipo dzenje likwiriridwe mvula isanayambe, chifukwa lili pafupi ndi maziko a khoma la kumbuyo. Kenako anandiyang'ana n'kunena kuti, "Musadabwe, a enjenyeru. Muno mu vila wopanda dzenje ndi amene anali ku Maputo." Iwo ndi a Avelino anaseka.

Ndinabwereka fita n'kutsikira m'dzenjemo. Ndinayezanso m'lifupi, kumutu ndi kumiyendo. Anali 95 konsekonse. Mapewa anga ndi masentimetro 44. A Avelino ndi aakulu thupi kuposa ine. Mestre anati, "Mukugula nyumba kapena dzenje?" Ndinatuluka. Ndinauza a Avelino kuti ndidzawayankha mlungu wamawa.

Tinachoka 11 horas ndi theka. Mestre anapatukira kumsika. Titafika pa mabulugamu a kusukulu ndinamufunsa Cecília kuti dzenjelo analidziwa bwanji. Anati tsiku lija la 1987 anali kumsika, chitsulo cha bomba chinamung'amba ntchafu, a Avelino anamukokera m'nyumba mwawo n'kumulowetsa m'dzenjemo. Anamusoka momwemo n'kumubaya mankhwala katatu. Anatuluka tsiku lachitatu. Ndinafunsa kuti munali anthu angati. Anati awiri. Ndinafunsa chifukwa chimene anandiuzira zakutchire. Anati, "Bambo a Bertina, ndinadziwa kuti mudzatenga fita n'kupita kukayeza." Ndinafunsa ngati pali china chimene sanandiuze. Anati, "Ndinali ndi malungo, magazi akutuluka, kunja akuotcha nyumba. Inu mukufuna kuti mukhale mutachitika chiyani?" Ndinamuuza kuti limenelo ndi funso, si yankho.

Lamulungu sitinaikambe nkhaniyi. Lolemba pa 13, cha m'ma 16 horas, ndinakumana ndi a Avelino pamsewu wa kuchipatala. Anandifunsa ngati ndaganiza za nyumba. Ndinati ayi. Polekana anati, "Mukawapatse moni a dona Cecília." Moniwo sindinakapereke.

Lachiwiri pa 14, 8 horas, ndinapita kwa a sekretariyu a bairu, mkulu woyang'anira dera lathu. Palibe anandituma. Ndinawauza kuti poyendera nyumba ya a Avelino tinapeza dzenje lobisika, ndipo ndinawaonetsa muyeso ndi mndandanda wa zinthu m'kadernu. Anandifunsa kuti ankachizidwamo ndani. Ndinayankha kuti, "Sindikudziwa." Yankho limeneli silinali loona. Ndinali nditadziwa kuyambira Loweruka. A sekretariyu anati ndiye kuti ndi matsanga. Mawu amenewo ananena ndi iwo, koma ine sindinawatsutse. Ndinakhala pampando wawo mphindi zina khumi tikukamba za mbewu ya nyemba.

Lachitatu pa 15, cha m'ma 10 horas, ndinaona amilisiya atatu akudutsa ndi a Avelino, manja atamangidwa kumbuyo ndi chingwe. Ndinali pakhomo la kuntchito, mtunda wa metro 50. A Avelino anali atavala chovala choyera cha kuchipatala. Anandiona. Ndinalowa m'kati.

Lachinayi Cecília anabwera pano n'kufotokoza za 1987. Apolisi anamuuza kuti mawu ake okha sakukwanira, pakufunika amene anakanena nkhaniyo. Atabwerera kunyumba anandifunsa ngati ndi ine. Ndinavomera. Lachisanu m'mawa anati, "Mukapanda kupita, ndikakweza nsalu pamaso pa a komandanti, aone okha." Lachisanu sindinabwere. Loweruka ndinafika mpaka pa mlatho waung'ono, n'kubwerera. Lero m'mawa ndamva kuntchito kuti a Avelino adzawatumiza ku Tete ndi galimoto za asilikali mkuja. Ndabwera 9 horas.

Ndikufuna zilembedwe motere. Sindinaonepo mfuti kapena munthu wachilendo panyumba ya a Avelino. Sindinamvepo kwa wina aliyense kuti amathandiza matsanga. Timabotolo titatu tija tikugwirizana ndi zimene mkazi wanga anandiuza, kuti anabayidwa katatu. Bala lake linasokedwa ndi munthu wodziwa ntchito. Mestre Matias angachitire umboni kuti maenje otere alipo m'nyumba zambiri za muno, ndipo iwo akwirira kale asanu ndi limodzi. Mu 1987 ine kunalibe, choncho zimene zinachitika m'dzenjemo masiku atatu amenewo sindinazione. Chimene ndikudziwa n'chakuti munalowa anthu awiri, mmodzi wovulala, ndipo anatuluka onse amoyo. Wovulalayo anali mkazi wanga.

Ngati pali mlandu wonena zabodza kwa a sekretariyu, ndi wanga. Ndikupempha kuti a Avelino amasulidwe galimoto zija zisananyamuke.

A ajenti, wapolisi amene akulemba umboniwu, andifunsa ngati ndigulabe nyumbayo. Ndawayankha kuti mestre anati ndi yabwino. Andifunsanso ngati mkazi wanga angabwere kudzatsimikiza. Ali panja pa benchi kuyambira 10 horas. A Avelino alibe wachibale kuno, ndipo kuyambira Lachinayi amene akuwabweretsera chakudya ndi iye. Lero wabwera ndi mbale imodzi yomanga m'nsalu. Ine sindinadye chichokere kunyumba. Sindinamufunse kuti ndi ya ndani.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi, ndipo ndaziwerenga ndekha ndisanaike dzina langa.

Basílio Marcelino ______________________
Tsangano, 20 Julho 1992