Anamuletsa Mkazi Wanga Kuthira Mchere

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye. Sukulu ndinalekera sitandade 6, ndiye pomwe ndakhotetsa mundikhululukire. Lero ndikuuzani za mayi anga aakulu, a Nabanda, amene anandilera mayi anga atamwalira. Iwowa ananamizira mkazi wanga Enelesi kuti wadula mwana wathu ndi mchere wa m'ndiwo, ndipo mwanayo anatsala pang'ono kufa. Abusa akuti ndikhululuke. Ndikuyesa, koma ndikakumbukira mtima umawirabe.

Enelesi ndinamutenga chitengwa kuchokera ku Kapondo kubwera naye kwathu kwa Mavwere. Kwathuko kukazizira, Juni ndi Julaye, timadyera pamodzi pakhomo pa a Nabanda, kuseri kwa nkhokwe komwe mphepo sifika. Nyumba iliyonse imabwera ndi mbale yake, amuna uko, akazi ndi ana uku. Enelesi kuphika amatha. M'mawa futali wotentha woti ana asiye kunjenjemera, masana khwanya wofutsa wotendera ndi nsinjiro za mtedza wa chaka chomwecho. Mbale yake sinkachedwa kuyera, ndipo achimwene ankaseka kuti ku Kapondo kuli manja.

Chaka chatha ndinapita ku Zambia kukagwira ganyu yosenza matumba milungu iwiri. Pobwera ndinapeza mwana wathu Tadala, kamtsikana ka zaka ziwiri, akutsokomola, thupi lili moto, akupuma ngati nkhuku yothamangitsidwa. Ndisanakhale n'komwe pansi, a Nabanda anandiitanira pambali. Anati limeneli ndi tsempho: mkazi wanga wayenda ndi mwamuna wina ine kulibe, n'kumathirabe mchere m'ndiwo, mwana n'kumadya. Anati kuchipatala tisayerekeze, chifukwa mwana wa tsempho akangobayidwa jakisoni amafera pomwepo. Mankhwala achikuda alipo, koma sagwira mpaka mayi atchule dzina la mwamunayo. Ine amene ndinagona kunja milungu iwiri sanandifunse ngakhale funso limodzi.

Ndinakhulupirira, abale. Apa ndi pamene ndimadzida. Ndinakankha mphika wa nyemba ndi phazi, ndinamutukwana Enelesi mudzi wonse ukumva. Anamuletsa kukhudza mchere, mbale yake inkabwezedwa isanavundukulidwe. Masiku atatu ndinkadya kwa a Nabanda, kuotha moto ndi anzanga, uku mkazi wanga ali m'nyumba yozizira atamukulunga mwana ndi zitenje zake zonse. Ndikamuopseza ankangoti alibe dzina loti atchule. Tsiku lachitatu anandiyang'ana maso ali gwa, nati, “Ngati mukufuna dzina ndipeka lililonse, bambo a Tadala, bola mwanayu apite kuchipatala.”

M'mawa mwake mwana anasiya kumeza phala. Akamapuma nthiti zinkalowa mkati. Ndinathawira kudimba, n'kugwada pa mame ozizira. Sindinganame kuti ndinapemphera mwaulemu. Ndinamukalipira Mulungu. Ndinati ine mutu wanga ndi wochepa, sindikudziwa wonama ndani, ngati alipodi atumize munthu lero, osati mawa.

Pobwerera ndinapeza galimoto ya a Jafali itaima pafupi ndi nyumba yathu. Awa ndi bambo wachisilamu wa golosale pa Boma, amene amagula mtedza m'midzi. Chaka china ndinawagwirapo pakhosi titakangana za sikelo. Anali atapempha madzi akumwa kwa Enelesi, ndipo ali pakhonde anamva kapumidwe ka mwana m'nyumba. Anandiuza kuti mwana wawo woyamba ankapuma chomwecho, anachedwa naye, n'kumuika m'manda, ndipo matenda ake ndi chibayo. Anati tikwere atiperekeze kuchipatala. A Nabanda anabwera akukuwa kuti mlendo asalowerere za mtundu wathu. Enelesi sanadikire chilolezo cha munthu. Analowa kutsogolo kwa galimotoyo mwana ali pachifuwa. Ine ndinalumphira kumbuyo pa matumba a mtedza, mphepo ikundicheka makutu mpaka pa Boma.

Kuchipatala anati ndi chibayodi, ndipo namwino anandifunsa kuti masiku onsewa tinkadikira chiyani. Pomubaya jakisoni ndinatsinzina, kudikira kuti ndimve maliro. Sanafe. Tinakhala masiku asanu, ndipo m'mawa uliwonse akazi awo a Jafali ankabwera ndi phala la mpunga ndi tiyi wotentha, kudyetsa banja la munthu amene anachitira mwano amuna awo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lamwano ngati langa. Inu amene mwana wanu akudwala, kapena mukunamiziridwa m'banja, musagwe mphwayi. Pempherani, koma thandizo likafika musaliyang'ane chipembedzo. Enelesi ndinamupepesa nditagwada. Anangoti wamva, ndipo mpaka lero kuseka nane sanayambe bwinobwino. Sindimudandaula.

Titatuluka m'chipatala, Lamulungu lotsatira ndinamupempha aphike nyemba, athire mchere ndi dzanja lake. Mbaleyo ndinanyamula ndekha kupita nayo kuseri kwa nkhokwe, abale onse atakhala. A Nabanda anaikankha ndi chala, nati achipatala angoziziritsa matenda, tsempho likadalipo. Ulendo uno sindinaswe kanthu. Ndinamukhazika Tadala pamwendo, ndinamudyetsa mpaka anakhuta, kenako ndinaimirira.

“Mayi, munandilera, zimenezo sindikana. Koma mwana wangayu bwenzi pano ali kumanda chifukwa cha pakamwa panu, ine chitsiru ndikukuthandizani. Mcherewu wathira ndi Enelesi, ndipo mawa athiranso. Kuyambira lero ife tizidyera pakhomo pathu. Tsiku lomwe mudzabwere kudzamupepesa mkazi wanga, mbale yanu mudzaipeza.”