Nditawonda, Anthu Anayamba Kundinena

Abale ndi alongo mwa Ambuye, amene munandidziwa kale mukuikumbukira mimba yanga. Inkayamba ndi iyo kulowa m'tchalitchi, ine pambuyo. Ndinkaitcha madalitso.

Ndine mlimi wa fodya kuno ku Lisasadzi. Fodya akagulidwa, pachiwaya ku boma pankasanduka pakhomo panga. Kanyenya wonona, mang'ina, tchipisi, mchere n'kumawaza ndisanalawe n'komwe. Ngakhale kumunda ndinkapita pa kabaza, poti bwana sayenda pansi. Munthu wowonda ndinkamuyang'ana mwachipongwe. Mnzanga wa paubwana, a Phiri, atawonda n'kuyamba kumwa ma ARV, ndinali m'gulu la owanena.

Tsiku lina tikudinda mabelo pachigafa, chifuwa chinandithina ngati amene ali mu jeke yodindira fodyayo ndine. Thukuta linatsika, maso anachita mdima, ndinakhala pafumbi. Kuchipatala anati magazi akuthamanga kwambiri ndipo mtima watopa. Anandipatsa mankhwala omwa tsiku ndi tsiku, nandiuza kuti ndichepetse mchere ndi zamafuta, ndiziyendanso pansi. Ndinachita mantha. Ndinapempha Mulungu kuti asanditenge ana anga akadali pasukulu.

Mayi a kunyumba, Nabanda, anachotsa mchere patebulo. Nyemba, nkhwani ndi bonongwe zinabwerera m'mbale. Poyamba ndinkadya nkhope ili gwa. Koma pang'onopang'ono ndinayamba kufika kumunda osapuma wefuwefu. Mutu unasiya kuwawa. Lamba ndinamuboola ndi msomali kuti thalauza lisagwe.

Apa m'pamene yesero lenileni linafika. Manong'onong'o anayamba. Pamjigo amayi ankafunsa Nabanda ngati nayenso wayezetsa. Anyamata a kabaza ankati fodya wandigwetsa. Ena a inu munkandigwira chanza mwachisoni ngati mukutsanzika. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kunenedwa kunandipweteka kuposa chifuwa chija. Ndinaganiza zonenepanso kuti dzina langa libwerere, mtimawo uone zochita. Loweruka lina ndinapita pachiwaya n'kuitanitsa mbale yodzaza, pamalo poti aliyense andione.

A Phiri anandipeza pomwepo. Anayang'ana mbaleyo, kenako anandiyang'ana ine.

"Achimwene, mukudya chifukwa cha njala, kapena kuti anthu akhale chete?"

Nthuli imene ndinali nditatola ndinaibwezera m'mbale.

"Ine anandinena mpaka anatopa," anatero a Phiri. "Ndimangomwa mankhwala anga, n'kumalima. Pakamwa pa anthu sipadzalera ana anu."

Sanandikumbutse zimene ndinkawanena, ngakhale ankazidziwa. Manyazi anandigwira, ndipo m'manyazi omwewo ndinamva Ambuye akundidzudzula. Ndinkafuna kupereka moyo umene Iye anandibwezera kuti ndigule ulemu wa m'misika. Mbale ndinaisiya. Tinabwerera limodzi wapansi, ndipo panjira ndinawapepesa. Anangoseka, amvekere ndiziyenda msanga, dzuwa likutentha.

Sindinachire ngati m'maloto ayi. Mankhwala ndikumwabe. Fungo la kanyenya limandiitanabe, ndipo pa ukwati Nabanda amandiyang'ana ndi diso limene inu abambo mumalidziwa. Koma thupi ili ndi kachisi wa Mulungu, ndipo ine ndinali nditalisandutsa chiwaya.

Lero ndayankha funso limene munkaopa kundifunsa. Ndawonda chifukwa cha mtima. Koma chikhala kuti anali matenda enawo, kodi mukanandithawa? Amene anandipulumutsa ku kunyada kwanga ndi munthu amene tonse tinkamuloza chala.

Ndikuyamika Yehova amene sanaone kukula kwa thupi langa koma kusauka kwa mzimu wanga. Alemekezeke.

Inu amene mumapuma movutika mukangokwera kachitunda, pitani akakupimeni magazi musanagwe. Ine ndi a Phiri timayenda m'mawa uliwonse kuchokera pamjigo kukafika kumsewu waukulu, tikuyimba. Bwerani. Mukawonda n'kuyamba kunenedwa, tidzanenedwa limodzi.

Ameni.